FixMyStreet imafikitsa dandaulo kukhonsolo, koma sisesa msewu

Munthu wokhala mumzinda akadzuka m'mawa n'kupeza kuti wina wataya matiresi akutha ndi firiji yowonongeka pakona ya msewu wake, chimene chimamuimitsa mutu msanga n'chakuti nkhaniyi akaitule kwa yani. Ku United Kingdom funso limeneli ndi lovuta kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa m'madera ambiri a ku England muli makhonsolo awiri oyang'anira dera limodzi lomwelo. Khonsolo yaikulu imasamalira misewu, pamene khonsolo yaing'ono ndiyo imatolera zinyalala ndi kusesa. Misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda ili m'manja mwa bungwe lina, la National Highways, ndipo ku London misewu ina yodutsa magalimoto ambiri ndi ya Transport for London. Munthu amene akuthamangira kuntchito alibe nthawi yofufuza zonsezi, choncho amalambalala muluwo n'kumapita, mnzake naye amachita chimodzimodzi, mpaka pakonapo pamasanduka mtaya umene aliyense amaudziwa koma palibe amene anakaunena.

FixMyStreet inapangidwa kuti ithetse vuto limeneli. Ndi tsamba la pa intaneti, limene limapezekanso ngati pulogalamu ya pa foni, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2007. Eni ake ndi bungwe la mySociety, losachita malonda, limene Tom Steinberg analiyambitsa mu 2003 n'cholinga chothandiza anthu wamba kulankhula ndi boma lawo. Wodandaula salipira kanthu. Ndaliyang'ana tsambali mofatsa, ndawerenga madandaulo a anthu ndi mayankho a makhonsolo, ndipo maganizo anga ndi akuti ichi ndi chida chabwino kwambiri pa ntchito yochepa imene chinapangidwira, koma mzinda umene ungachitenge ngati muyeso wa kumene kuli uve ndi mabwinja udzalakwira anthu ake osauka.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Munthu amalemba nambala ya keyala ya dera lake kapena dzina la msewu, kapena amangolola foni kuti isonyeze pamene waima, kenako mapu a deralo amatseguka. Amaika chizindikiro pamalo enieni pamene pali vutolo, amasankha mtundu wa vuto pa mndandanda umene waperekedwa, amalemba mawu ochepa ofotokoza, ndipo ngati wajambula chithunzi amachiphatikiza. Mitundu ya mavuto ndi yomwe munthu wa mumzinda uliwonse amaidziwa: zinyalala zotayidwa pamalo osaloledwa, ziphapha za magalimoto zosiyidwa m'mbali mwa msewu, maenje a mumsewu, magetsi a mumsewu osayaka, zolembalemba pamakoma, ndowe za agalu m'njira za oyenda pansi, ndi magalasi osweka. Akatumiza, pulogalamuyo imayerekezera malo aja ndi malire a makhonsolo, imaonanso mtundu wa vutolo, n'kutumiza dandaulo ku ofesi yoyenera. Wodandaulayo safunika kudziwa dzina la khonsolo yake ngakhale pang'ono.

Apa m'pamene pali luso lalikulu la FixMyStreet, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri salilabadira chifukwa silioneka. Maofesi a boma kulikonse anagawidwa molingana ndi mmene boma limadzionera lokha, pamene munthu wamba amaona msewu wake ngati chinthu chimodzi. Kwa iye dzenje, nyale yozima ndi mulu wa zinyalala zonse zili pakhomo pake, ndipo n'zosamveka kuti pa zinthu zitatuzi aimbe foni kumaofesi atatu osiyana. FixMyStreet inachotsa mtolo umenewu paphewa la nzika n'kuusenzetsa kompyuta. Makhonsolo ena amalandira madandaulowo ngati imelo wamba, pamene ena analumikiza makompyuta awo ndi tsambali kudzera mu njira yotchedwa Open311, moti dandaulo limalowa mwachindunji pa mndandanda wa ntchito za ogwira ntchito mumsewu, ndipo iwo akalemba kuti akonza, yankholo limabwerera lokha patsambalo.

Chinthu chachiwiri chimene ndimachiyamikira n'chakuti madandaulo onse amakhala poyera. Munthu akaimba foni ku ofesi, zimene wanena zimathera m'khutu la amene wayankha, ndipo ngati palibe chachitika alibe umboni wakuti ananenapo. Pa FixMyStreet dandaulo lililonse limakhala pamapu, ndi tsiku lake, chithunzi chake ndi dzina la khonsolo imene inalilandira. Aliyense akhoza kuliwerenga, ngakhale amene sanalembetse dzina patsambalo, ndipo oyandikana nawo akhoza kuwonjezera mawu akuti muluwo ukukulirakulira kapena kuti wachotsedwa. Wodandaula ali ndi ufulu wobisa dzina lake kwa anthu owerenga, ngakhale kuti khonsolo imalandira dzinalo ndi imelo yake kuti ithe kumuyankha. Zotsatira zake n'zakuti khansala, mtolankhani kapena gulu la anthu a m'dera akhoza kuloza pamapu n'kunena kuti pakona iyi padandaulidwa kambirimbiri chaka chino, ndipo palibe amene angatsutse. Ofesi imene imadziwa kuti kuchedwa kwake kukuoneka ndi aliyense imachita zinthu mosiyana ndi ofesi imene kuchedwa kwake kumadziwika ndi munthu mmodzi yekha.

Wina akhoza kufunsa ngati matiresi amodzi otayidwa pakona ali oyenera chidwi chonsechi. Ndikuona kuti ndi oyeneradi, ndipo pali umboni wake. Mu 2008 akatswiri atatu a payunivesite ya Groningen ku Netherlands, Kees Keizer, Siegwart Lindenberg ndi Linda Steg, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita mu kanjira kena kamene anthu amaimikamo njinga. Anapachika timapepala totsatsa malonda pazigwiriro za njingazo, pamalo pomwe panalibe bini, n'kumaona zimene eni njinga achite nato. Khoma la m'kanjirako lili loyera, anthu 33 pa 100 alionse anataya kapepalako pansi. Khoma lomwelo litalembedwalembedwa ndi penti, chiwerengerocho chinakwera kufika pa 69 pa 100 alionse. Anthu amayang'ana malo n'kudziwa khalidwe limene likuloledwa pamalopo, ndipo uve woyamba ukakhalitsa umaitana wina. Choncho kuchotsa msanga mulu woyamba n'kotsika mtengo kuposa kudzachotsa mtaya wonse pambuyo pake, ndipo chida chilichonse chimene chimafupikitsa nthawi yochokera pamene vuto laonekera kufika pamene oyenera kulikonza alidziwa chili ndi phindu lenileni.

Maganizo amenewa amafanana ndi amene James Q. Wilson ndi George Kelling analemba mu 1982, akuti zenera losweka likasiyidwa osakonzedwa, posakhalitsa mazenera ena onse a nyumbayo amaswedwanso. Ndiyenera kunena kuti m'mizinda ina ya ku America mfundoyi inagwiritsidwa ntchito molakwika, pomanga anthu osauka pa timilandu ting'onoting'ono, ndipo ambiri amaitsutsa pa chifukwa chimenechi. FixMyStreet inatengapo mbali yabwino yokha. Imakamba za malo, ndipo imakana madandaulo onena anthu. Eni tsambali amanena momveka bwino kuti si malo onenezera oyandikana nawo kapena okambira milandu, ndipo ine ndikugwirizana nawo kwathunthu, chifukwa mapu a poyera amene aliyense angalembepo dzina la mnzake akhoza kuvulaza anthu osalakwa.

Komabe tsambali silikonza kanthu, ndipo anthu ambiri amene amakhumudwa nalo amakhumudwa chifukwa sanamvetse zimenezi. Bungwe la mySociety lilibe lole yonyamula zinyalala, lilibe anthu osesa, ndipo lilibe mphamvu yokakamiza khonsolo kuchita chilichonse. Ntchito yake imathera pa kufikitsa uthenga. Pakatha masabata anayi, tsambali limatumiza imelo kwa wodandaula kumufunsa ngati vutolo lakonzedwa, ndipo ngati iye sayankha, ndiponso khonsolo yake sinalumikize makompyuta ake ndi tsambali, dandaulolo limangokhala pamapu ngati losakonzedwa ngakhale dzenjelo linakwiriridwa kalekale. Ichi n'chofooka chenicheni. Munthu wotsegula mapu a dera lina akhoza kupeza zizindikiro zambirimbiri zakale n'kuganiza kuti khonsoloyo ndi yaulesi, pamene mwina anthu a kumeneko sabwerera kudzanena kuti zinthu zatheka. Zikhozanso kukhala mwa njira ina: khonsolo ikhoza kulemba kuti nkhaniyo yatsekedwa pamene yangoiika pa mndandanda wa ntchito za m'tsogolo, ndipo wokhala pamalopo akuliona dzenjelo tsiku ndi tsiku. Chifukwa cha zimenezi, sindingalangize munthu kuyerekezera makhonsolo awiri pongowerenga zizindikiro za pamapuwa.

Kufunika kwa yankho la khonsolo kunayezedwa ndithu. Fredrik Sjoberg, Jonathan Mellon ndi Tiago Peixoto anasanthula madandaulo ochuluka a pa FixMyStreet ndipo anapeza kuti munthu amene dandaulo lake loyamba linakonzedwa amakhala ndi mpata wodzatumizanso lachiwiri wokulirapo ndi kuposa theka, poyerekeza ndi amene loyamba lake silinaphule kanthu. Izi zikutanthauza kuti moyo wa chidachi uli m'manja mwa khonsolo. Kumene khonsolo imayankha, anthu amazolowera kudandaula, mavuto amadziwika akadali aang'ono, ndipo ntchito imapepuka. Kumene khonsolo siyankha, anthu amaleka kulemba, mapu amaoneka oyera, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti kumeneko kulibe mavuto.

Kusayankhako nthawi zambiri gwero lake ndi ndalama. Ofesi yowerengera ndalama za boma ku United Kingdom, ya National Audit Office, inanena mu 2018 kuti ndalama zimene boma lalikulu limapereka ku makhonsolo a ku England zinatsika ndi pafupifupi theka pakati pa chaka cha 2010/11 ndi cha 2017/18. M'nyengo yomweyo makhonsolo anayenera kupitiriza kusamalira okalamba ndi ana ovutika, ntchito zimene lamulo silimawalola kuzisiya, choncho kusesa, kusamalira mapaki ndi kukonza misewu ndizo zinkadulidwa poyamba. Khonsolo ya Birmingham, imene ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'dzikolo, inalengeza mu September 2023 kuti singathe kukwaniritsa bajeti yake, ndipo ogwira ntchito yotolera zinyalala atanyanyala ntchito mu 2025, inalengeza kumapeto kwa March kuti zinthu zafika pangozi, matani pafupifupi 17,000 a zinyalala ali mbwee m'misewu. Pa nthawi ngati imeneyo khonsolo imadziwa kale pamene pali zinyalala, ndipo chithunzi china chotumizidwa pa foni sichiwonjezera lole ngakhale imodzi. FixMyStreet imathandiza pamene chosowa ndi uthenga. Pamene chosowa ndi ndalama, antchito kapena mgwirizano, imangosunga mbiri ya mmene zinthu zinaipira, ngakhale kuti mbiri imeneyo ili ndi ntchito yake pa nthawi ya chisankho.

Nkhani imene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi ya amene amadandaula. Kuti munthu atumize dandaulo pa FixMyStreet ayenera kukhala ndi foni kapena kompyuta yolowa pa intaneti, adziwe kuwerenga mapu, athe kulemba m'chinenero chimene ofesi imamva, akhale ndi nthawi, ndipo koposa zonse akhulupirire kuti kulankhula kwake kungasinthe kanthu. Zinthu zimenezi sizinagawidwe mofanana mumzinda uliwonse. Mwini nyumba amene wakhala mumsewu umodzi zaka zambiri amadandaula msanga, chifukwa akudziwa kuti uve ukutsitsa mtengo wa nyumba yake. Munthu wochita lendi, amene amagwira ntchito usiku ndipo sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhala ali pomwepo, kawirikawiri amangopirira. Mlendo amene wangofika kumene m'dzikolo mwina amaopa n'komwe kupereka dzina lake ku ofesi ya boma. Mzinda wa Brussels, ku Belgium, uli ndi tsamba lakelake la dzina lofanana ndi limeneli, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 ndi Burak Pak ndi anzake anapeza kuti anthu a m'madera osauka ndiponso a m'madera okhala anthu ambiri ochokera kumayiko ena sankaoneka mokwanira pakati pa odandaula.

Mwambi umati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo wina anganene kuti amene salankhula adzilakwira yekha. Ine sindingavomereze zimenezi pa nkhani ya ntchito za boma. Khonsolo imatolera msonkho kwa onse, ndipo ku England lamulo la Environmental Protection Act la 1990 limaipatsa udindo wosunga misewu ndi malo ake opanda zinyalala, mosatengera kuti wina wadandaula kapena ayi. Ngozi yake ndi iyi: khonsolo yosowa ndalama ikaona mapu okhala ndi zizindikiro zambiri mbali imodzi ya mzinda, imakopeka kutumiza antchito ake kumeneko, chifukwa kutero kumachepetsa madandaulo ndipo ziwerengero zake zimaoneka bwino. Pang'ono ndi pang'ono dera la anthu olankhula limayera, dera la anthu osalankhula limanyansa, ndipo zonsezi zimachitika popanda munthu aliyense kukonza chiwembu. Cholakwacho si cha tsambali kwenikweni, koma tsambali limapangitsa kuti chichitike mosavuta. Khonsolo yanzeru imalandira madandaulo a pa intaneti ngati gawo limodzi chabe la zimene ikudziwa, n'kupitiriza kutumiza oyendera ake m'misewu yonse mwa ndondomeko, makamaka m'misewu imene simuchokera dandaulo lililonse, chifukwa bata la kumeneko nthawi zambiri ndi la anthu amene anataya mtima.

Palinso malire ena amene munthu ayenera kuwadziwa asanayambe kulidalira tsambali. FixMyStreet imaona zimene kamera ingajambule. Eni ake amanena okha kuti salandira madandaulo a utsi, fungo loipa kapena phokoso, ndipo amalangiza anthu kukanena zimenezi kukhonsolo mwachindunji. Pali chifukwa chomveka, popeza madandaulo otere nthawi zambiri amaloza munthu kapena nyumba inayake. Koma zotsatira zake n'zakuti kuipitsidwa kumene kumapha anthu ambiri m'mizinda sikuoneka pamapuwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, limawerengera kuti mpweya woipa wa panja unafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 4.2 miliyoni mu 2019. Ku London komweko, mu December 2020, khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa ya mtsikana wa zaka 9 wa ku Lewisham, amene anamwalira mu 2013 ndi matenda a mphumu ndipo ankakhala pafupi ndi msewu wodutsa magalimoto ambiri wa South Circular. Msewu umenewo ukhoza kukhala wosesedwa bwino, wopanda dzenje, magetsi onse akuyaka, n'kuoneka wopanda vuto pa FixMyStreet. Mavuto a mpweya amathetsedwa ndi malamulo, monga Clean Air Act ya 1956 imene inabwera chifunga cha utsi cha mu December 1952 chitapha anthu zikwizikwi mu London, kapena ndondomeko ya ULEZ yolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, imene inayamba mu 2019 n'kufalikira mumzinda wonse mu August 2023. Zimenezi zimachokera ku ndale, ndipo palibe pulogalamu ya pa foni imene ingalowe m'malo mwake.

Pa nkhani ya mabwinja, malire ake ndi a umwini wa malo. Nyumba yosiyidwa, fakitale yotsekedwa kapena puloti yomera tchire kawirikawiri imakhala ndi mwini wake, ndipo khonsolo singalowemo n'kuyamba kukonza chifukwa choti munthu watumiza chithunzi. Ngakhale zinyalala zotayidwa mwakuba pamalo a munthu, lamulo la ku England limasiya udindo wozichotsa kwa mwini malowo, amene nthawi zambiri ndiye wolakwiridwa. Khonsolo ili nazo zida zina. Ndime 215 ya lamulo la Town and Country Planning Act la 1990 imaipatsa mphamvu yolamula mwini malo onyansa kuti awasamalire, ikhoza kukweza msonkho wa nyumba imene yakhala nthawi yaitali yopanda anthu, ndipo pamapeto ikhoza kugula malowo mokakamiza. Mzinda wa Liverpool unayesa njira ina kuyambira mu 2013, yogulitsa nyumba zina zosiyidwa pa mtengo wa paundi imodzi kwa anthu olonjeza kuzikonza ndi kukhalamo. Njira zonsezi zimatenga miyezi kapena zaka, zimafuna maloya, ndipo sizingalowe mu dongosolo limene limafunsa pakatha masabata anayi ngati vuto lakonzedwa. Munthu amene akuvutika ndi bwinja pafupi ndi nyumba yake akhoza kugwiritsa ntchito FixMyStreet kusonkhanitsa umboni wa zinyalala ndi zowonongeka za kunja kwa mpanda, koma nkhani ya bwinjalo aitengere kwa khansala wake ndi ku ofesi yoona za mapulani.

Ndikanakonda tsambali likanachita zambiri pa mbali imeneyi, chifukwa phindu la kusamalira malo osiyidwa ndi lalikulu kuposa la kukwirira maenje. Mumzinda wa Philadelphia ku America, Charles Branas ndi anzake anachita kafukufuku pa mapuloti 541 opanda eni owasamalira, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Ena mwa mapulotiwo anachotsedwa zinyalala, kusalazidwa, kudzalidwa kapinga ndi mitengo yochepa, n'kutchingidwa ndi kampanda kakafupi ka matabwa, ndipo ankasamalidwa pafupipafupi. M'madera osauka kwambiri, kuomberana ndi mfuti pafupi ndi mapuloti okonzedwawo kunatsika ndi 29 pa 100 alionse. Ntchito imeneyi inali yotsika mtengo, koma inatheka chifukwa panali anthu amene anapita okha kukakonza mapulotiwo, n'kumabwererako kukatchetcha. Sanadikire kuti wina adandaule.

Pa zinyalala zotayidwa mwakuba, zimene ndi limodzi mwa madandaulo ochuluka patsambali, mapu amaonetsa matenda koma sanena chimene chawayambitsa. Ziwerengero za boma zimasonyeza kuti makhonsolo a ku England anakumana ndi milandu yotere yoposa 1 miliyoni m'chaka cha 2022/23, ndipo pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse anali zinyalala za m'nyumba. Chiwerengerochi sichiphatikiza zambiri zotayidwa pamalo a anthu. Zina zimatayidwa ndi anthu amene alibe galimoto yopitira kumtaya wovomerezeka ndipo sangakwanitse kulipira khonsolo kuti idzatenge sofa yakutha. Zina zimatayidwa ndi anthu amene amalandira ndalama polonjeza kukataya katundu moyenera, kenako n'kukamukhuthula m'mbali mwa msewu usiku pozemba malipiro a kumtaya. Khonsolo ikamachotsa mulu pakona imodzimodzi sabata iliyonse popanda kufunsa kumene ukuchokera, otayawo amazindikira kuti apeza ntchito yaulere yowatolera zinyalala. Apa mbiri ya pa FixMyStreet ikhoza kuthandiza kwambiri ngati wina aiwerenga ndi cholinga: malo amene dandaulo limabwerezedwa ndi amene akufunika kamera, nyale, mpanda, bini yokulirapo, kapena tsiku lotolera katundu wamkulu kwaulere. Zida zosanthulira zimenezi zili m'mtundu wolipira wa pulogalamuyi, wotchedwa FixMyStreet Pro, umene kampani ya SocietyWorks, ya bungwe lomwelo la mySociety, imagulitsa ku makhonsolo monga Oxfordshire ndi Bromley. Kumene khonsolo inagula mtundu umenewu, wodandaula amalandira mayankho omveka bwino, ndipo kumene sinagule amangodikira imelo. Kusiyana kumeneku n'kosapeweka kwa bungwe limene liyenera kudzipezera ndalama, koma kumatanthauza kuti ubwino wa ntchitoyi umadalira kumene munthu amakhala.

Chinthu china choyamikirika n'chakuti pulogalamu yoyendetsa tsambali ndi yaulere kwa aliyense wofuna kuitenga ndi kuisintha. Ku Norway inakhazikitsidwa mu 2011 ndi dzina lakuti FiksGataMi, ku Sweden imatchedwa FixaMinGata, ndipo mzinda wa Zürich, ku Switzerland, unayamba kuigwiritsa ntchito mu 2013 ndi dzina lakuti Züri wie neu. Ku Zürich mzinda weniweniwo ndi umene umayendetsa tsambalo, ndipo antchito ake amayankha madandaulo poyera. Ndikuona kuti umu ndi mmene chidachi chimagwirira ntchito bwino koposa. Mzinda wina uliwonse umene ukuganiza zochitenga uyambe wadzifunsa ngati uli ndi munthu wowerenga madandaulo tsiku lililonse, ngati malire a maudindo ake ali olembedwa bwino moti kompyuta ingawatsate, ndiponso ngati uli ndi antchito ndi magalimoto oti apite kumene aitanidwa. Lipoti la World Bank la 2018 linanena kuti dziko lapansi limatulutsa matani 2.01 biliyoni a zinyalala za m'mizinda chaka chilichonse, kuti chiwerengerochi chikhoza kufika pa 3.40 biliyoni pofika 2050, ndiponso kuti m'mayiko osauka zinyalala za m'mizinda zimene zimatoleredwa sizifika theka. Mzinda umene sutolera theka la zinyalala zake ukayamba ndi tsamba la madandaulo, udzangophunzitsa anthu ake kuti kudandaula n'kutaya nthawi, ndipo chikhulupiriro chimenecho chikatayika chimavuta kuchibweza.

Kwa munthu wokhala ku United Kingdom, ndikulimbikitsa kugwiritsa ntchito FixMyStreet mosakayika, makamaka amene akukhala m'dera limene anthu ake sadandaula kawirikawiri, popeza dandaulo lake limalemera kuposa la munthu wa kudera kumene zizindikiro zadzaza kale. Dandaulo labwino limakhala la vuto limodzi, chizindikiro chili pamalo enieni, ndi chithunzi chosonyeza kukula kwa chinthucho pamodzi ndi china chozindikiritsa malowo, monga nambala ya pamtengo wa magetsi. Ndi bwino kuyang'ana kaye pamapu ngati wina sananene kale, ndipo ngati wanena, kuwonjezera mawu pa dandaulo lakelo m'malo moyamba lina. Imelo ya pakatha masabata anayi ija iyenera kuyankhidwa, chifukwa ndi yankho limenelo limene limachititsa mapu kunena zoona. Zinthu zangozi, monga waya wa magetsi wogwa kapena dzenje limene lingagwetse galimoto usiku womwewo, zimafuna foni kukhonsolo kapena kwa opereka thandizo la mwadzidzidzi, popeza imelo ikhoza kudikira mpaka ofesi itatsegulidwa. Ndipo munthu akapeza migolo ya mankhwala osadziwika kapena malole athunthu a zinyalala atakhuthulidwa malo amodzi, asazikhudze kapena kutsegula matumba pofuna umboni. Ku England milandu yaikulu yotere imafufuzidwa ndi bungwe la Environment Agency, limene lili ndi nambala yakeyake yoimbira usana ndi usiku.